Kulira kwa Njinga ya Remi

Lieve Callewaert ndinamuona ali kamwana, ndipo lero tsitsi lake layera ngati langa. Ine ndinali wopereka makalata m'mudzi muno mpaka mawondo anandikana. Chipumireni pa ntchito, malo anga ndi pampando wa pakona m'shopu yake ya njinga. Sandithamangitsa. Ndimamwa khofi wake n'kumayang'ana.

Shopuyo inali ya bambo ake. Iwo anabereka ana aakazi awiri, Lieve ndi Marleen. Marleen anathawa fungo la girisi n'kukakwatiwa kwa mlimi wa nkhumba. Lieve anatsala. Nayenso anakwatiwapo, koma mwamunayo anapita ku Gent osabwerera, ndipo za iye sitikamba.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kamodzi kuyambira kale. Munthu akabwera n'kuloza kuti njinga ikulira apa, Lieve amayamba kufufuza kwina. Amati phokoso la njinga ndi labodza: limabadwira pa chishalo n'kukamvekera kumapazi. Choncho amamanga chishalo, amamasula mapedulo n'kuwapaka girisi, amagwedeza mawilo. Zonsezi zikakana m'pamene amafika pamimba pa njinga, pomwe chitsulo cholumikiza mapedulo awiri chimazungulira m'mabering'i, imodzi mbali ino, ina mbali inayo. Amachotsa tcheni, amaika chala pa felemu, n'kuzunguza mapedulo maso ali chitsinzinire. Bering'i yabwino siuza chala kanthu. Yodyeka imamveka ngati muli mchenga.

Mwamuna wa Marleen ndi Remi Vanhoutte, munthu wamkulu thupi, wolankhula mokweza chifukwa chozolowera kupikisana ndi nkhumba. Moyo wake wonse ankapalasa njinga zachitsulo zogula kwa ena, ali kumbuyo kwa gulu la abambo limene limanyamuka pa bala ya Yvonne Lamlungu lililonse m'mawa. Chaka china anagula njinga yatsopano yofiira kwa Lieve, yopepuka moti ine nkhalamba ndinainyamula ndi zala ziwiri. Anali ataiyang'ana pawindo kwa zaka. Ankafuna kudzaipalasa mu Epulo, tsiku lija anthu wamba amaloledwa kukwera zitunda za miyala zimene akatswiri amadzapikisanapo mawa lake. Njingayo inabwera ndi galanti, lonjezo la kampani kuti ikapezeka ndi chilema chochokera ku fakitale, adzaibweza.

Mvula ya Novembala itayamba, njinga inayamba kulira. Remi akaponda mwamphamvu pachitunda, inkati kwii, kwii. Anzake sanamusiye.

"Remi, wabisa kamwana ka nkhumba m'felemumo?"

Lolemba anaikankha mpaka m'shopu.

"Alamu, chinthu chanu chija chikulira."

"Changa? Ndinakugulitsani chili duu."

"Chikulirira pansipa."

"Onse amatero," anatero Lieve, n'kuyamba ndi chishalo.

Koma ulendo uno mwini wake analasa. Lieve atagwira pedulo n'kulikankhira kumbali, linagwedera. Atatsegula pamimba panatsika madzi ofiirira. Mabering'i onse awiri anali dzimbiri lokhalokha.

"Mumaitsuka ndi chiyani?"

"Madzi. Mumafuna ndizitsuka ndi mowa?"

"Madzi a m'ndowa?"

Remi anayang'ana kudenga.

"Paipi ija imachotsa matope msanga," anatero.

"Paipi yotsukira makola."

"Eya, yomweyo."

"Madzi amene amasenda ndowe zouma pa simenti, inu n'kumawalozetsa apa? Girisi yense munamuthamangitsa kalekale, alamu."

Kuno alimi amatsuka chilichonse ndi paipi imeneyo: thirakitala, nsapato, ngakhale bwalo la tchalitchi likada. Remi sanaone kuti njinga ingasiyane ndi zimenezi.

Anayandikira n'kutsitsa mawu, ngakhale kutsitsa kwake kunamveka mpaka pamsewu.

"Za paipizo zithere muno. Mungowauza kuti zadyeka zokha. Kampani siisauka ndi tizitsulo tiwiri."

"Akapanda kufunsa sindinena. Akafunsa ndinena."

Anafunsa. Munthu wa kampani amene amayendera mashopu a dera lino ndi Pascal Dhondt, bambo wofatsa, wooneka wotopa nthawi zonse. Anaika mabering'iwo m'dzanja, anawanunkhiza, n'kufunsa kuti njingayo imatsukidwa bwanji. Lieve anayankha. Pascal anagwedeza mutu n'kutumiza mawuwo kwa mabwana ake. Galanti siilowerera pa dzimbiri. Remi analipira mabering'i atsopano akunyinyirika, ndipo tonse tinaganiza kuti nkhani yatha.

Isanafike Khirisimasi njinga inabweranso ikulira.

"Sindinaikhudze ndi paipi," anatero Remi. "Ndowa ndi kansalu, ngati ndikusambitsa khanda. Funsani mng'ono wanu."

Marleen anavomereza pa foni kuti ankamuonera pawindo la kukhitchini, akutsuka ali chogwada.

Lieve anatsegulanso. Dzimbiri linali lochepa. Koma mabering'i anali atadyeka mbali imodzi yokha, ngati chidendene cha nsapato ya munthu wotsimphina. Anawatembenuza nthawi yaitali pansi pa nyale. Kenako analowetsa chitsulo chowongoka m'mabowo awiri a felemu, momwe mabering'i amakhala. Chinalowa, koma mokakamiza.

"Mabowowa sakuyang'anizana bwino," anatero. "Anapotoka pang'ono kuchokera komwe anaipanga. Iyi idzadya bering'i iliyonse imene ndingaikemo."

"Ndiye si paipi?"

"Paipi inawononga ake. Koma inabisanso matenda enieni. Ndinaona dzimbiri n'kusiya kufufuza."

"Ndiye andipatsa felemu ina."

"Ayenera kutero."

Pascal atabwera anamvetsera zonse mwaulemu. Anayesanso chitsulo chija yekha.

"Mwina mukunena zoona, mayi Callewaert. Koma kupotoka kwake n'kochepa, ndipo ku ofesi njinga iyi amaidziwa kale kuti ndi ija yotsukidwa ndi paipi ya nkhumba. Munanena ndinu. Ndikawatumizira mabering'i ena odyeka, adzati mwini wake sanasiye khalidwe lake. Ineyo n'takhala iwo ndinganenenso chimodzimodzi."

Remi anali pomwepo. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu.

"Mwamva, alamu? Pakamwa panu pandidyera njinga."

Anatuluka osaitenga. Chitseko chinagwedeza mabelu onse a pashelefu.

Nkhani inafika kwa Yvonne tsiku lomwelo. Kumeneko anagamula kuti munthu amene sangatetezere mlamu wake sangatetezere aliyense. Abambo a gulu la Lamlungu, amene njinga zawo zinkadyetsa shopuyo, anayamba kupita kushopu yaikulu ya ku Oudenaarde. Kwa Lieve kunkangobwera ana asukulu ndi matayala ophwa. Iye ankawamata, n'kubwerera kukaima patsogolo pa njinga ya Remi manja ali m'thumba la epuloni.

Chaka chatsopano chitalowa Lieve anaimbira Pascal.

"Bwerani ndi mabering'i anu. Muikemo nokha, ndi manja anu. Mukatero mupake penti pa zomangira kuti aliyense akatsegula muzindikire. Njinga siituluka m'shopu muno, siiona dontho la madzi. Ikawadya ili youma, mudzanena chiyani?"

"Njinga yongokhala siidya kanthu, mayi."

"Siikhala. Izipalasidwa."

Pascal anabwera. Anagwira ntchitoyo mosamala, anapaka penti yachikasu, n'kujambula ndi foni. Anati ikadyeka motere, iye mwini adzaimenyera nkhondo ku ofesi. Anati sakulonjeza zoposa pamenepo.

Kuno aliyense wokonda njinga ali ndi chimakina chopalasirapo m'nyumba nthawi yachisanu: umamangirira wilo lakumbuyo, n'kumapalasa osasuntha. Lieve anatsitsa cha bambo ake kuchokera kudenga, anachotsa njinga zogulitsa pawindo lalikulu loyang'ana kumsewu, n'kumangirira ya Remi pamenepo. Anati aliyense aone kuti palibe chobisika. Anatsitsa chishalo mpaka pansi, poti iye ndi wamfupi, n'kukwera.

Ntchito yanga inali ya matawulo. Thukuta ndi madzi, ndiponso lili ndi mchere. Ndinkayala thawulo pa felemu, likanyowa n'kusintha lina.

Ankapalasa m'mawa asanatsegule, masana akadya buledi wake ndi tchizi, ndiponso nthawi iliyonse imene m'shopu munalibe munthu, ndipo nthawi zoterozo zinali zambiri. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Akatsika ankagwira kauntala kaye. Madzulo ndinkamuona akukwera masitepe a kuchipinda chake cham'mbali, phazi limodzi kenako linzake.

"Upume mawa," ndinamuuza tsiku lina.

"Epulo sapuma, a Kamiel."

Anthu ankaima pamsewu n'kumaonerera. Ena ankaseka. Ana ankamuombera m'manja ngati akudutsa pa mpikisano. Koma ine ndinkaona kuti miyendo ya munthu mmodzi siikwanira. Remi ankayenda mitunda yaitali, pamiyala, ndi thupi lake lonse lija. Lieve anali wopepuka ngati mbalame.

Woyamba kulowa anali Gilbert, wometa tsitsi, amene pagulu la Lamlungu ndiye mwini pakamwa. Anatsegula chitseko pang'ono n'kulowetsa mutu wokha.

"Lieve, ukupita ku misa kapena ku maliro? Kupalasa kwake kumeneko njinga ingadyeke m'chaka cha mawa."

"Uli ndi miyendo, Gilbert, kapena unangotsala ndi lilime?"

"Ine? Ine ndingaiphwasule imeneyo usanamalize khofi."

"Nsapato zili apo."

Anakwera atavala malaya ake oyera a kuntchito. Anatsika atanyowa ngati wagwa mu ngalande, njinga ili chete. Usiku womwewo anakadzitama kwa Yvonne kuti anapalasa mwamphamvu kuposa mmene wina aliyense pagululo angachitire. Mawa lake kunabwera awiri kudzamutsutsa.

Zinayenda choncho. Palibe amene anapepesa, ndipo Lieve sanafunse. Ankangosintha kutalika kwa chishalo, n'kunena kuti aliyense avule jekete lonyowa pakhomo. Lamlungu lina kunagwa mvula ya matalala, gulu lonse linasiya ulendo n'kudzadzaza m'shopu, kumalandizana njinga imodzi, ena atakhala pa mabokosi akutukwana amene ali pachishalo. Yvonne anatumiza mowa. Lieve anaujambulira mzere pansi ndi choko: botolo lisadutse apa. Marleen anabwera ndi mphika wa supu, anauika pa kauntala, anayang'ana mkulu wake, n'kupita osanena za mwamuna wake.

Remi ankadutsa pa thirakitala. Akafika pawindo ankachepetsa liwiro, maso ali kutsogolo.

Febuluwale anafika pakati njinga isanalire. Madzulo alionse Lieve ankachotsa tcheni, chala pa felemu, n'kuzunguza. Chala sichinkamva mchenga, ndipo ankabwezera tcheni. Abambo aja anayamba kutopa. Gilbert anabwera ndi nzeru.

"Tingothira kamchenga pang'ono m'mphepetemu. Penti siikhudzidwa. Ndani angadziwe?"

"Ine."

"Iwe ndiye vuto la mudzi uno, ukudziwa?"

"Kwera kapena pita ukamete anthu."

Tsiku lina titatsala awiri, Lieve anakhala pansi pafupi ndi ine, zimene sachita kawirikawiri.

"Mwina Remi ananama," anatero. "Mwina anaitsukanso ndi paipi Marleen ali ku msika. Mwina felemuyi ilibe vuto."

Ndinapinda thawulo limene linali m'manja mwanga.

"Ngati ndalakwa, ndalakwira pawindo. Aliyense aona." Anadzuka n'kukapukuta tcheni.

Remi analowa Loweruka lina m'mawa, nsapato zake zopalasira zili m'manja. M'shopu munali anthu anayi kapena asanu, ndipo onse anapeza choyang'ana pakhoma. Iye anazungulira njinga yake kamodzi.

"Chishalochi mwachitsitsa ngati cha mwana wa sukulu."

"Kwezani nokha, alamu. Sipanala mukuidziwa."

Anakweza. Anakwera, chimakina chinadandaula. Anayamba pang'onopang'ono, kenako anasintha giya kufika pa yolemera kwambiri, anaimirira pa mapedulo monga amachitira pa chitunda cha kuseri kwa tchalitchi, n'kumagwetsa thupi lake lonse mbali ino, mbali iyo. Windo linkanjenjemera. Ndinasintha thawulo kawiri.

Anabweranso Lolemba, ndi tsiku lotsatira, akangomaliza kudyetsa nkhumba. Sankalankhula ndi Lieve zoposa moni. Ena ankapalasa masana, iye m'mawa.

Linali tsiku la msika pamene inalira. Remi anali ataimirira pa mapedulo, Gilbert akumunena kuti akupuma ngati ng'ombe. Kenako kunamveka kwii, kamodzi, chapansipansi. Gilbert anatseka pakamwa. Remi anapondanso. Kwii. Kwii.

"Musasiye," anatero Lieve.

Anagwada pambali, khutu pafupi ndi felemu. Anauza Remi akhale pachishalo, phokoso linachepa. Anamuuza aimirire, linabwerera. Anamutsitsa, anamanganso chishalo, mapedulo ndi wilo, kuti pasakhale wodzanena kuti ndi zimenezo. Remi atakweranso linali pomwepo. M'pamene anachotsa tcheni n'kuika chala. Anazunguza kawiri, n'kutenga dzanja la Remi, dzanja lalikulu lokakala lija, n'kuliika pomwe panali lake.

"Mukumva?"

"Ngati mchenga."

"Musakhudzenso. Ikhale chomwechi mpaka abwere."

Pascal anafika sabata yotsatira. Shopu inadzaza, ena anaima panja. Anayang'ana penti yake ndi tochi, anafananiza ndi chithunzi cha mu foni, n'kunena kuti palibe amene anatsegula. Anatsegula yekha. Girisi anali woyera monga anamuikira. Dzimbiri panalibe. Mabering'i anali atadyeka mbali imodzi, ponyezimira ngati supuni. Anawajambula, anatuluka panja ndi foni, n'kumayenda uku ndi uku pamsewu akulankhula nthawi yaitali. Tinkamuonera pawindo. Kamodzi anakweza dzanja m'mwamba ngati akukangana ndi munthu amene ali patsogolo pake.

Atalowa anapukuta mapazi pa chopondera, pang'onopang'ono.

"Avomera. Felemu ina ifika Malichi asanathe. Mtundu wofiira unatha, ibwera yakuda."

Gilbert anayamba kukuwa, koma Pascal anakweza chala.

"Patsala chimodzi. Yakaleyi iyenera kudulidwa ine ndikuona. Ndi lamulo la galanti, kuti isadzagulitsidwe kwa wina."

Maso onse anatembenukira ku njinga. Pafupifupi aliyense amene anali m'shopumo anali atatuluka thukuta pa njinga imeneyo. Remi anaiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Singakhale yongopachika kukhoma?" anafunsa.

"Ayi, bambo Vanhoutte. Pepani."

Lieve anamasula zonse zimene zikanagwiranso ntchito: mawilo, mahandulo, magiya, chishalo. Anaziyala pa nsalu mwadongosolo. Felemu yokha anaimanga pa benchi, anavala chophimba kukamwa, n'kutenga sowo.

"Patseni," anatero Remi. "Ndi yanga."

Anadula pamimba pomwepo, pakati pa mabowo awiri aja. Sizinatenge nthawi. Pascal anajambula zidutswazo n'kuziika m'galimoto mwake.

Felemu yakuda inafika monga ananenera. Lieve asanaikemo kanthu analowetsa chitsulo chowongoka m'mabowo, chinadutsa chokha n'kugwera mbali inayo. Anaimanga tsiku lonse, osalola munthu kumulankhulitsa. Remi anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, atavala kale zopalasira. Anainyamula, anaiika pansi, anakanda tayala ndi chikhadabo.

"Marleen akuti mubwere Lamlungu kudzadya," anatero. "Kuli kalulu wophika ndi mowa."

"Ndibwera ndikatseka."

Anaikankha mpaka pamsewu, anakwera, n'kulowera njira ya kuchitunda. Lieve anaima pakhomo mpaka anakhota pa tchalitchi. Kenako anandipempha kuti ndimuthandize kubweza njinga zogulitsa pawindo.